Khomo likhale la C, nyumba imangidwe ndi zina

Mu 2000, D. Richard Hipp anatulutsa SQLite, kalaibulale kosungira deta kolembedwa m'chiyankhulo cha C. Lero kali m'mafoni a Android ndi a iPhone omwe, ndipo wolemba mapulogalamu mu Python, Java, Ruby kapena Go amakaitana osatuluka thukuta. Ambiri amatamanda liwiro lake. Ine ndimaona kuti mphamvu yake ili pakhomo: akunja onse amalowera pa ma function a C, ndipo pafupifupi chiyankhulo chilichonse cha makompyuta chimadziwa kuodira pakhomo lotere.

Ziyankhulo zina n'zovuta kuziitana. Compiler ya C++ imasintha mayina a ma function, ndipo kasinthidwe ka Microsoft n'kosiyana ndi ka GCC, n'chifukwa chake wofuna kuti laibulale yake imveke kwa ena amalemba extern "C". Go nayo ndi mlendo wobwera ndi mphasa yake, mbaula yake ndi wosesa wake: ukaiitana, imalowa m'pulogalamu yako pamodzi ndi garbage collector wake.

Komatu otsutsa ali ndi mfundo, ndipo si zamasewera. Khomo la C ndi lopapatiza. Limadutsa manambala, ma pointer ndi mawu othera pa ziro. Zinthu zikalakwika umangolandira kanambala, ndipo ukapanda kukayang'ana palibe wokukumbutsa. Vuto lalikulu ndi la memory. Aliyense amene anathandizapo pamaliro akudziwa nkhani ya mbale zobwereka: zikatha ntchito abweze ndani, ndipo azibwezere kwa yani? Wina akazisiya poganiza kuti mnzake atenga, zimasowa. Awiri akapita kukatenga mbale imodzimodzi, pamabuka mkangano. M'kompyuta, choyambacho chimadya memory pang'onopang'ono, chachiwiricho chimagwetsa pulogalamu. SQLite inayankha funsoli poyera: mawu ofotokoza cholakwa amene sqlite3_exec yakupatsa, uwabweze ndi sqlite3_free, osati ndi njira yako. Zamkati mwake saziyalanso pabwalo. Umangopatsidwa chogwirira chotchedwa sqlite3, zotsalazo ndi za eni nyumba.

Kulakwitsa pa nkhani ya memory kumapweteka anthu ambiri nthawi imodzi. Heartbleed ya mu 2014 inali cholakwa chimodzi mu laibulale ya OpenSSL chololeza munthu wakutali kuwerenga memory yofika makilobaiti 64 pa pempho lililonse, ndipo mapulogalamu odalira ma version okhudzidwawo anadwalira limodzi, kaya analembedwa m'chiyankhulo chanji. Mu 2019 Microsoft inanena kuti pafupifupi 70 pa 100 alionse a mabowo achitetezo omwe imatseka amachokera pa kasamalidwe ka memory.

Apa m'pamene ena amati tingotaya C yense. Sindikuvomereza. Akusokoneza khomo ndi nyumba. Kuyambira 2016, Federico Mena Quintero analembanso librsvg, laibulale ya GNOME yojambula zithunzi za SVG, mu Rust, koma khomo la C analisiya momwe linalili, kotero mapulogalamu akale anapitiriza kuiitana ngati kale. Njirayi nayo ili ndi mtengo wake. Mu February 2021, phukusi la Python lotchedwa cryptography litayamba kufuna Rust, anthu a makina amene compiler ya Rust sinkafikako analephera kulimanga, ndipo anakwiya kwambiri. Anali ndi chifukwa chomveka, ngakhale kuti eni phukusiwo sanalakwe kufuna chitetezo.

Chimene sichikambidwa mokwanira n'chakuti khomo ukalitsegula sulisunthanso. Ukasintha kukula kwa struct imodzi, wina wa Java amene sunamuonepo adzagwa usiku osadziwa chamugwetsa. Daniel Stenberg ndi anzake sanathyole khomo la laibulale yawo ya libcurl chiyambire 2006, ndipo eni SQLite akuti akufuna kuisamalira mpaka 2050. Function iliyonse yatsopano imene akuika pakhomo lero adzakhala akuinyamulabe m'chaka chimenecho.