Tizidyera Pamodzi

Ine ndine ambuya. Ndili ndi adzukulu anai. Ndiganiza kuti banja liyenera kudyera pamodzi madzulo.

Masiku ano nsima ikapsa, mwana aliyense atenga mbale yake ndi kuthamangira ku TV. Ena aiwala kusamba m'manja. Ena aiwala kupemphera. Izi zindimvetsa cisoni.

Tikakhala pa mphasa imodzi, timayamba ndi kuyamika Mulungu. Wamkulu amaphunzira kusiyirako wamng'ono ndiwo. Inenso ndimaona mwana amene sakudya bwino. Tsiku lina kamdzukulu kanga kanakana nsima. Ndinakagwira pamphumi, thupi linali moto! Tinapita nako kucipatala msanga ndipo kanacira.

Adzukulu anga, TV idzakhalapo mawa, koma ambuya sadzakhalapo masiku onse. Bwerani tidye!

Nanga inu ana, muganiza bwanji?