LUMO LA AGOGO SILINAPALAMULE

Sabata yatha anzanga anandiseka atandipeza ndikunola lumo pamwala kuseri kwa chipinda chathu chogona. Wina anandifunsa ngati ndikukasenda mbuzi. Sindinayankhe, poti dzanja logwira lumo silifuna mkwiyo. Ndiwayankha pano.

Lumoli ndi la malemu agogo anga a ku Chilumba. Loweruka m'mamawa, asodzi akukocheza ndi usipa, iwo ankakhala pakhonde ndi mwala, lamba wachikopa ndi madzi ofunda. Ankati: nyowetsa mwala. Goneka lumo lonse, msana wake ukhudze mwalawo. Kankha mbali yakuthwa ili patsogolo, osakanikiza. Ukafika kumapeto tembenuzira kumsana, ndipo mbali zonse ziwiri zilandire mofanana. Palamba sinthanitsa, msana ndiwo utsogole, apo ayi udula chikopa. Mwala umadya chitsulo, lamba amangochiwongola, n'chifukwa chake lamba ndi wa tsiku lililonse lometa koma mwala ndi wa apo ndi apo. Likadula cheya cha pamkono mosakoka, lakwana. Ndevu uzifewetse ndi sopo ndi madzi ofunda, uzimete motsata kumene zagonera. Lumo lobuntha ndilo limazula ndi kutupitsa khungu.

Tsono amene mukusekanu, tandiuzani: chitukuko chanucho n'chiti? King Gillette wa ku America anayamba kugulitsa malezala otaya mu 1903. Nzeru yake inali yoti munthu asamanole, azingogula. Kamodzi, kawiri, katatu, lezala yabuntha, bwererani kugolosale. Ife tinavomera n'kumati tatsogola. Chonsecho kumapiri a kumadzulo kwa Chilumba Aphoka ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zawo ndi kusula makasu azungu asanafike. Lero mdzukulu wa dziko lomwelo, wodziwa kulemba za Shakespeare, satha kunola ndi mpeni wa kukhitchini womwe. Kodi ameneyu waphunzira kapena walandidwa manja?

Mudzati lumo limafalitsa matenda. Pamenepo ndikumverani, ndipo sindichita nthabwala. Kwathu ku Chilumba ofufuza akhala akuwerenga odwala khate kuyambira mu 1979, kenaka a chifuwa chachikulu ndi Edzi, maliro tawaona. Chitsulo chimene chakhudza magazi a wina chingathe kupatsira kachilombo, makamaka ka Hepatitis B kowononga chiwindi. Koma mlandu ndi wa kubwerekana, si wa kunola. Lezala imodzi yozungulira mitu khumi pometa maliro, kapena yotemera mphini banja lonse, ndi yoopsa kuposa lumo la munthu mmodzi. Ometa anthu pamsika azitsegula lezala yatsopano wometedwa akuona, pamenepo sinditsutsa. Ine ndikunena za ndevu zanga, pachibwano changa. Langali sindibwereketsa, ngakhale kwa mbale wanga wa bere limodzi.

Mudzatinso nthawi palibe. Nthawi yokhala pamzere wa golosale ilipo, yonyowetsa mwala ndiyo yasowa? Mtundu wozolowera kutaya lezala sutaya lezala yokha. Mjigo ukathyoka timadikira obwera ndi wina. Njinga ikalira timaitsamiritsa kunkhokwe mpaka dzimbiri.

Loweruka likudzali mudzandipeza pamalo pomwe paja. Wofuna kuseka abwere adzaseke. Wofuna kuphunzira abwere ndi lumo lakelake. Mwala wokha ndiwo ndidzabwereketse.