Cheki ikayaka, musaimate ndi tepi

Chaka chatha, atagulitsa soya ndi mtedza, malume anga anakwera basi ya ku Lusaka n'kubwerako ndi Toyota Corolla yoyera, ya injini ija amati 1NZ. Mudzi wonse unatuluka kudzaiona. Miyezi iwiri isanathe, galimoto inayamba kunjenjemera ikaima, nthawi zina kuzima yokha, ndipo pa chitunda chilichonse cha msewu wa ku Msoro imafooka ngati yasenza matumba a chimanga, chikhalirecho mkatimo muli anthu atatu okha. Anandiitana kuti ndikaione.

Ndinakhala pampando n'kutembenuza kiyi mpaka pa ON, osaliza injini. Tinyali tinayaka: ka batire, ka oyilo, ka mabuleki, ka ABS, ka airbag. Kamodzi kokha kanali zii, kachikasu kaja kooneka ngati injini.

"Malume, cheki yanu imayaka?"

"Mphwanga, chigulireni sinayakepo," anatero akumwetulira. "Kumeneko kulibe vuto."

Mawu amenewa anandiwawa, chifukwa ndinadziwiratu zimene tikapeze. Mmawa wake ku Chipata, mnyamata wa zamagetsi a galimoto atamasula dashibodi, tinaona kachidutswa ka tepi yakuda katamatidwa kuseri kwa galasi, pamalo penipeni pa cheki. Nyaliyo inkayaka masiku onsewo, koma wina anaiphimba asanagulitse galimoto. Malume analipira ndalama za thukuta la chaka chonse, n'kupatsidwa galimoto yotsekedwa pakamwa.

Ambiri oyendetsa galimoto kuno ku Kasenengwa sadziwa kuti kuyaka kwa tinyali tonse mukangotembenuza kiyi n'kwadala. Galimoto imakhala ikudziyesa yokha, ikukuonetsaninso kuti nyali iliyonse ndi yamoyo. Ka airbag kamayaka masekondi pafupifupi 6 n'kuzima. Ka oyilo, ka batire ndi cheki timazima injini ikalira. Nyali yokana kuzima ikunena kuti pena pavuta, ndipo yokana kuyaka n'komwe ndiyo yoopsa, chifukwa tsiku limene galimoto idzafune kukuchenjezani idzasowa ponenera. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ife mnansi ameneyu tikumuchotsa babu, tikumumata ndi tepi.

Kuseri kwa kanyaliko kuli kompyuta ya injini, imene amakaniko amangoti bokosi. Bokosilo limamva kuchokera ku masensa: ina imayeza mpweya wolowa, ina kutentha kwa madzi, ina utsi wotuluka ku ekizozi, ina liwiro. Likamva zosayenera limasunga nambala ya vutolo n'kuyatsa cheki. Kale kampani iliyonse inali ndi manambala ake ndi polumikizira pake. Ku America, kuyambira galimoto za 1996, lamulo linati zonse zitsate njira imodzi yotchedwa OBD-II, makamaka pofuna kuchepetsa utsi woipa, ndipo ku Ulaya anatsatira ndi galimoto za petulo mu 2001. N'chifukwa chake mukawerama pansi pa chiwongolero mumapeza kasoketi ka mabowo 16. Makaniko akati "tiyeni tiiyike pa kompyuta", waya wake amaulowetsa pamenepo.

Chimene chimatuluka si matsenga, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu wochiona ndi maso ake. Chimakhala chilembo chimodzi ndi manambala anayi. P ndi za injini ndi magiya, B ndi za m'thupi la galimoto monga airbag, C ndi za kunsi monga ABS, U ndi pamene mabokosi aleka kumvana. Nambala yoyamba ikakhala 0, monga P0301, tanthauzo lake ndi limodzi kaya ndi Toyota kaya ndi Nissan; P1 ndi za kampaniyo payokha. P0301 ikutanthauza kuti silinda yoyamba sikuwotcha bwino mafuta, P0302 yachiwiri, P0300 kuti vutolo likudumphadumpha m'masilinda.

Pa galimoto ya malume panatuluka P0171, kutanthauza kuti injini ikulandira mpweya wambiri kuposa petulo woyenera. Apa ndi pamene ndalama za anthu athu zimathera. Wina amene anaima pafupi anafulumira kunena kuti sensa ya pa ekizozi yafa, tigule ina. Koma sensayo ndiyo inanena zoona, nanga tiichotserenji? Mlimi aliyense wa kwa Madzimawe kapena kwa Mishoro amadziwa kuti ng'ombe ikamatsimphina mwendo wakumbuyo, wangodziwa mwendo woti ugwire. Uyenera kutukula chiboda uone ngati ndi munga, chilonda kapena yabinya. Nambala ya pa kompyuta nayonso imakulozerani mwendo basi. P0171 ingabwere chifukwa fumbi laphimba sensa yoyeza mpweya, ndipo fumbi la kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mukulidziwa. Ingabwere chifukwa pampu ya petulo yafooka, kapena sefa yatsekeka ndi zinyalala za petulo wa m'zigubu amene timagula m'mbali mwa msewu. Ingabwerenso chifukwa mpweya ukulowera pena posayenera.

Mnyamata uja sanathamangire kusitolo. Analiza injini n'kutchera khutu, kenaka anapinda paipi yakuda yochokera ku sefa ya mpweya. Kunsi kwake kunali mng'alu wotalika ngati chala, wosaoneka mukangosuzumira pamwamba. Anasintha paipiyo, anatsuka sensa ya mpweya ndi mankhwala ake, ndipo galimoto inakwera chitunda ngati yatsopano. Makaniko wotere ndimamulemekeza. Winayo, amene amawerenga nambala n'kukutumani kukagula sipeyala, ikapanda kuthandiza akutumeninso ina, akuyeserera ndi thumba lanu. Mufunseni mwaulemu kuti, "Mwayeza chiyani kuti mudziwe kuti chafa n'chimenechi?" Wodziwa ntchito sakwiya nalo funso limeneli.

Galimoto zambiri za kuno zinapangidwira msika wa ku Japan, zinatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera ku Nakonde. Zakalezo sizimvana nthawi zonse ndi timakina totchipa ta ELM327 tolumikiza ku foni, ndipo kamakina kakalephera kulumikizana musavomere msanga kuti bokosi lapsa. Toyota zambiri zakale zimatha kunena vuto lawo popanda kompyuta. Pa zija za m'ma 1990, pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Mukalumikiza TE1 ndi E1 ndi kawaya, kiyi ali pa ON, cheki imayamba kuphethira. Ikaphethira kawiri, n'kupuma pang'ono, n'kuphethira kasanu, ndiye 25, vuto lomwe lija la mpweya wochuluka. 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 42 ya liwiro. Ikamangophethira mofanana osapumira, palibe chimene yasunga. Pa zambiri za kasoketi ka mabowo 16, ntchito yomweyi imachitika pa bowo 4 ndi 13. Koma chonde, ngati simukudziwa kuwerenga mabowowo, siyirani wodziwa. Bowo 16 lili ndi moto wa batire nthawi zonse, ndipo kawaya kakasochera mutha kuwotcha fyuzi kapena china chodula kuposa pamenepo.

Chizolowezi china chimene chimandidetsa nkhawa ndi chochotsa waya wa batire kuti cheki izime. Pa galimoto zambiri zakale imazimadi, koma vuto lili pomwepo. Mwangofufuta umboni. Pamodzi ndi nambala ija, bokosi limasunganso mmene injini inalili panthawi imene vuto linachitika: kutentha kwake, liwiro, mmene inkazungulirira. Makaniko wabwino amayambira pamenepo. Musanalole aliyense kufufuta, lembani nambalayo papepala kapena ijambuleni ndi foni. Dziwaninso kuti cheki yofufutidwa imatha kutenga maulendo angapo isanayakenso, ndipo ogulitsa achinyengo amadalira zimenezi. Galimoto yoti mugule muiyendetse mtunda ndithu, muizimitse, muilizenso, osangozungulira nayo pabwalo.

Sikuti cheki ikangoyaka muime pakati pa tchire usiku. Ikayaka osaphethira, injini ikumveka bwino ndipo siikutentha, mutha kuyenda mosamala mpaka ku Chipata. Ikamaphethira muli paulendo, petulo wosapsa akupita ku ekizozi ndipo awononga catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi, choncho chepetsani liwiro, mupeze poima. Tinyali tofiira ndi nkhani ina. Ka oyilo kakayaka injini ikulira, zimitsani pomwepo, ngakhale mutanyamula wodwala ndi bwino kuimitsa galimoto ina, chifukwa injini yopanda oyilo woyenda imafa m'mphindi zochepa. Ndikunena izi makamaka kwa anyamata a matakisi, amene ndawaonapo atabisa nyali yofiira ndi chithunzi kapena chiphaso kuti okwera asafunse. Ka airbag kakakhala koyaka, pangozi thumba lija likhoza kusatuluka. M'galimoto zimenezi mumakwera amayi athu opita ku msika wa Kapata ndi ana a sukulu.

Kasenengwa inakhala boma payokha mu 2018, komabe galimoto ikayatsa cheki ambirife ulendo wake ndi wa ku Chipata, nthawi zina pokokedwa ndi chingwe. Kuyambira 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, mbali ina imalipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Ndikupempha a makomiti a m'mawodi kuti posankha ana opita ku Chipata Trades Training Institute ndi masukulu ena a TEVETA, akumbukire ntchito ya zamagetsi a galimoto, atsikana omwe. Omasula mabawuti tili nawo ambiri, ndipo ena ndi akatswiri. Tikusowa amene angawerenge nambala, kugwira mita n'kutsata waya mpaka apeze pamene pavuta, pafupi ndi kwathu monga pa Chiparamba.

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, ena mwa inu mudzakwera basi ya ku Lusaka ndalama zili m'chikwama, monga anachitira malume anga. Wogulitsa asakulizireni injini musanakhale pampando. Tengani kiyi nokha, mutembenuze mpaka pa ON, muwerenge tinyali kamodzikamodzi. Cheki ikapanda kuyaka, kapena ka airbag, kapena ka oyilo, musapereke ndalama.