Mankhwala Ogonetsa Ndi Mlendo, Asamange Nyumba Pakhomo

Lero ndafuna kuti tikambirane nkhani imene yakhala ikutuluka kaŵirikaŵiri m'misonkhano ya magulu athu, kuyambira ku Chibavi, ku Chiputula, ku Mchengautuba mpaka ku Luwinga. Nkhaniyi ndi ya mankhwala ogonetsa amene ena a ife timalandira kuchipatala tulo tikasoŵa, ndi mavuto amene mankhwalaŵa amabwera nawo.

Kusoŵa tulo si nkhani yoseketsa ayi. Mayi amene wachezera usiku wonse akungotembenuka pamphasa mpaka atambala kulira amadzuka wopanda mphamvu, mtima uli pafupi, pamene ntchito za pakhomo zikumudikira monga mwa masiku onse. Chotero palibe chochititsa manyazi ngati adokotala atakulemberani mankhwala okuthandizani kugona. Koma tsono dandaulo limene timamva ndi lakuti tulo tabweradi, koma m'maŵa mutu ukulemera, miyendo yafooka, kukamwa kwauma, ndipo chimene wauzidwa dzulo lero waiŵala. Zikatero ena amangopirira poopa kuoneka ngati osayamika, ena amataya mapiritsi onse tsiku lomwelo, ndipo ena amaonjezera okha. Njira zitatu zonsezi ndi zolakwika. Njira yabwino ndi kubwerera kwa amene anakupatsani mankhwalawo, buku lanu la kuchipatala lili m'manja, ndi kukafotokoza zonse mosabisa.

Dziŵani dzina la mankhwala anu

Kunena kuti "ndimamwa timapiritsi toyera" sikuthandiza, pakuti mapiritsi oyera alipo ambirimbiri. Musanachoke pazenera polandirira mankhwala funsani dzina lake, kuchuluka kwake, nthaŵi yomwera ndi masiku amene muyenera kumwa, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa pakathumba kake ndi m'buku lanu. Safunsa anadya phula.

Amene amapezeka kwambiri kuno kwathu ndi a mitundu itatu. Oyamba ndi diazepam, amene ena amawadziŵa ndi dzina lakuti Valium. Achiŵiri ndi amitriptyline, amene kwenikweni ndi a matenda a kuvutika maganizo ndi kuŵaŵa kwa mitsempha, koma amaperekedwanso pang'ono usiku chifukwa amabweretsa tulo. Achitatu ndi a ziwengo ndi chimfine, monga promethazine ndi Piriton, amene nawonso amawodzeretsa. Mtundu uliwonse uli ndi mavuto akeake.

Chifukwa chake m'maŵa mumalemera

Mankhwala sadziŵa kuti kunja kwacha. Thupi la munthu wamkulu limatenga tsiku lathunthu kapena masiku 2 kuti lichotse theka lokha la diazepam amene mwamwa, ndipo kwa agogo athu zimatenga nthaŵi yaitali kuposa pamenepo. Kutanthauza kuti piritsi la usiku uno limapeza la dzulo likadali m'magazi. Nchifukwa chake kuwodzera ndi chizungulire zimakula masiku akamapita, ngakhale simunaonjezere kanthu.

Apa mpofunika kuganiza bwino, pakuti m'maŵa wa mayi ndi wa moto, madzi oŵira ndi katundu wa pamutu. Imwani mankhwala pa nthaŵi imene mwauzidwa, pamene patsogolo panu pali maola 7 kapena 8 ogona. Musadikire kuti tulo tikanike kaye kenaka ndi kumwa pakati pa usiku, chifukwa kukacha mankhwalawo adzakhala akadali ndi mphamvu zawo zonse. Podzuka musamangodzambatuka. Yambani mwakhala tsonga, mapazi ali pansi, mudikire kanthaŵi, kenaka muimirire mutagwira khoma. Pa masiku oyamba pemphani wina wa pakhomo kuti akolezere mbaula ndi kuphula madzi osamba, ndipo musaŵerame pamoto mwana ali kumbuyo. Tonse tikudziŵa mmene njira za m'makomo mwathu muno zimatererera mvula ikagwa, chotero ulendo wa kumpope ndi ndowa pamutu udikire mpaka mutu utapepuka. Amene mumayendetsa galimoto kapena njinga yamoto lekani kaye mpaka mutaona mmene mankhwala akukuchitirani, ndipo ngakhale kukwera Sacramento uku mukusinza ndi kudziika pangozi.

Pali zinthu ziŵiri za usiku zimene ndikupemphani kuti musaziiŵale. Choyamba, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ambiri timaloŵetsa mbaula m'chipinda ndi kutseka zitseko ndi mazenera. Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Ngoziyi ndi ya aliyense, koma amene wamwa mankhwala ogonetsa sangadzidzimuke nkomwe kuti athaŵe. Tulutsani mbaula panja musanagone, muonjeze bulangeti. Chachiŵiri, usiku umene mwamwa mankhwala khanda lisagone m'khwapa mwanu. Ligonekeni pa malo akeake pambali panu, mkati mwa neti, pakuti mukhoza kuligonera osamva.

Agogo amene akumwa mankhwalaŵa aikireni tochi pafupi ndi pamene agona, ndipo njira ya kuchimbudzi ikhale yopanda zopunthwitsa. Kugwa kumodzi kokha kumathyola fupa la m'chiuno mwa munthu wokalamba, ndipo ena sayendanso.

Kuuma kukamwa ndi kudzimbidwa

Amene akumwa amitriptyline amadandaula kwambiri za kuuma kukamwa, kuvutika kuchita chimbudzi, chizungulire poimirira ndi kunenepa. Zambiri mwa izi zimachepa thupi likazoloŵera pakatha sabata imodzi kapena ziŵiri. Pakadali pano khalani ndi madzi akumwa pafupi ndi kumapsontha pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo tsukani mano m'maŵa ndi madzulo chifukwa m'kamwa mouma mano amabooka msanga. Za m'mimba, nsima ya mgaiwa imathandiza kuposa ya ufa woyera, pamodzi ndi ndiwo zamasamba monga nkhwani, chigwada ndi mpiru, ndiponso mapapaya akupsa. Ngati kulemera kwa m'maŵa kwakula, funsani adokotala ngati mungamamwe chakumadzulo ndithu m'malo mwa nthaŵi yogona, kapena ngati angakuchepetsereni.

Koma zina si zodikira nazo. Mtima ukamagunda mothamanga kapena modumphadumpha, mkodzo ukakanika kutuluka, munthu akasokonezeka mutu, akakomoka, akamapuma movutikira, kapena akayamba kukhala ndi maganizo ofuna kudzipha, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, usana kapena usiku, mutanyamula mankhwala onse amene akumwa.

Moŵa, pakati ndi kuyamwitsa

Moŵa ndi mankhwala ogonetsa sizikhalira limodzi, kaya ndi kachasu, masese, kapena wa m'botolo. Zonse ziŵiri zimagonetsa ubongo, ndipo zikakumana munthu akhoza kupuma mofooka mpaka kulekeratu ali m'tulo. Mau ameneŵa muwafikitsenso kwa abambo a kunyumba ngati iwo ndiwo akumwa mankhwala. Chimodzimodzi musaphatikize ndi Piriton, mankhwala a chifuwa owodzeretsa, kapena opha ululu amphamvu monga codeine, tramadol ndi morphine, pokhapokha adokotala atadziŵa. Ngati mukumwanso mankhwala a zitsamba, nenani.

Mayi woyembekezera, kapena amene akuganiza kuti mwina waima, anene zimenezi asanalandire piritsi ndi limodzi lomwe. Woyamwitsanso anene, pakuti diazepam amaloŵa mumkaka wa m'maŵere, ndipo mwana akhoza kumangogona, kuyamwa mofooka ndi kusakwera sikelo.

Mlendo ndi mame

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mankhwala ogonetsa akhale mlendo wotero. Valium anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1963 ndi kampani ya Roche ya ku Switzerland, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anali mankhwala amene madokotala a ku America ankalembera anthu kuposa ena onse. Ambiri mwa olandirawo anali amayi. Panapita zaka kuti anthu azindikire kuti thupi limawazoloŵera, kotero kuti piritsi limene linkagonetsa poyamba limasiya kugwira ntchito, koma munthu akati aleke zimamukanika. M'chaka cha 1988 akatswiri oona za mankhwala a boma la Britain analangiza kuti mankhwala a mtundu umenewu aziperekedwa kwa masabata 2 mpaka 4 okha, ndiponso pokhapokha vuto litakula. Zimene anzathu anaphunzira movutika ife tiziphunzire mwaulere.

Koma tamverani bwino apa, amayi anzanga. Ngati mwamwa kale diazepam usiku uliwonse kwa masabata ambiri kapena miyezi, musaleke mwadzidzidzi mutaŵerenga tsamba lino. Kuleka kotero kumabweretsa kusoŵa tulo koposa poyamba, kunjenjemera, thukuta, mantha opanda chifukwa, ndipo ena amagwa ndi kuphupha ngati a khunyu. Ambiri akaona zimenezi amati matenda abwerera, osadziŵa kuti ndi thupi limene likulira mankhwala. Adokotala ndiwo amadziŵa kuchepetsa pang'onopang'ono, kwa masabata kapena miyezi, mpaka mutalekeratu bwinobwino. Amitriptyline nawonso salekedwa tsiku limodzi. Ndiponso kuzoloŵera mankhwala amene munalandira kuchipatala si uchidakwa, si mlandu, ndipo palibe chifukwa chobisira.

Musagaŵane

Ife amayi timagaŵana mchere, ufa ndi moto, ndipo nkhalidwe labwino. Koma mapiritsi ogonetsa si ogaŵana, ngakhale pa siŵa pamene mnzathu woferedwa wakhala masiku osagona ndipo mtima ukutiŵaŵa pomuona. Simudziŵa ngati ali ndi pakati, mphumu, matenda a chiŵindi kapena a mtima. Musagulenso kwa ogulitsa mankhwala pamsika kapena m'maokala, pakuti simungadziŵe chimene chili mkati mwake ndi tsiku limene anatha mphamvu. Malamulo a dziko lino salola kugulitsa diazepam popanda chikalata cha adokotala, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019.

Sungani mankhwala pamwamba, m'chikwama chokhoma, osati pansi pa pilo kapena kumfundo ya chitenje. Mapiritsi oŵerengeka chabe a amitriptyline akhoza kupha mwana wamng'ono. Mwana akameza, musamusanzitse ndipo musadikire kuti muone, koma thamangani naye kuchipatala pamodzi ndi kathumba ka mankhwalawo. Ndipo musayese konse kupatsa mwana wolira usiku mankhwala a munthu wamkulu kuti agone.

Chimene chinaba tulo nchiyani?

Piritsi limatseka maso, koma silichotsa chimene chinathamangitsa tulo. Kwa ena ndi maliro, kwa ena ndi ngongole ya ku banki m'khonde, fizi ya ana, abambo amene anapita ku Joni ndipo mauthenga anasiya kubwera, kapena nkhanza za m'banja. Kwa ena ndi kuŵaŵa kwa msana ndi maondo, kapena kutentha thupi usiku kumene kumadza pa msinkhu wosiya kusamba. Nthaŵi zina ndi mankhwala ena amene tikumwa. Chiyambire 2019 anthu ambiri omwa ma ARV m'Malaŵi muno anasinthidwa kupita ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene kwa ena amasoŵetsa tulo akamwedwa usiku, ndipo nchifukwa chake a chipatala amalangiza kumwa m'maŵa. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, musaleke ma ARV ndi tsiku limodzi lomwe, koma kafunseni kumene mumalandirira.

Masiku ano madokotala amagwirizana kuti thandizo loyamba la kusoŵa tulo kwa nthaŵi yaitali ndi uphungu ndi kusintha kagonedwe, osati mapiritsi. Dzukani nthaŵi yofanana tsiku lililonse ngakhale munagona mochedwa. Tiyi, zakumwa za kola ndi khofi, ngakhale wokoma uja wa ku Misuku ndi ku Phoka, zithere kummaŵa, pakuti mphamvu yake imakhala m'thupi maola ambiri. Musagone nthaŵi yaitali masana. Foni ikhale patali ndi pogona. Tulo tikakana, dzukani mukhale pampando mwakachetechete mpaka mutayamba kusinza, mmalo molimbana nato pabedi.

Kuno ku Mzuzu tili ndi mwaŵi, pakuti thandizo lili pafupi. Mukhoza kuyambira ku Mapale kapena kuchipatala chilichonse cha kufupi ndi kwanu, ndipo vuto likakula adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital. Tilinso ndi a St John of God, amene akhala akuthandiza anthu ovutika maganizo mumzinda uno kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndipo ali ndi aphungu ophunzira bwino. Kupita kumeneko sikutanthauza misala ayi.

Popita, konzekani kuyankha zinthu zinayi: dzina la mankhwala, tsiku limene munayamba, kuchuluka kumene mukumwadi, ndi zimene mukumva m'thupi. Ngati mumaonjezera panokha, nenani zoona, pakuti adokotala sangakonze chimene sakuchidziŵa. Ngati mumachita mantha pamaso pa a chipatala, tengani mnzanu wa m'gulu akuperekezeni, ndipo inu atsogoleri a magulu mukaona mnzathu akusinza pamsonkhano sabata ndi sabata, musamuseke, koma mumutengere pambali ndi kumufunsa mwaulemu. Mutu umodzi susenza denga.

Tsalani bwino, amayi anzanga, mugone tulo tabwino, ndipo tidzachezanso pa tsamba lomwe lino sabata yamaŵa.