Batire la sikuta musalisamale ngati la foni

Achemwali anga amaphika makeke ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Chaka chatha, atatopa ndi mizere ya petulo komanso ndalama zolipira kabaza tsiku ndi tsiku, anatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula sikuta yoyendera magetsi. Miyezi yoyambirira zinthu zinkayenda bwino kwambiri. Ankamangirira keke kumbuyo, kukasiya kwa kasitomala, n'kubwerako batire likadali ndi moto. Koma pasanathe chaka, sikuta ija inayamba kulefuka ngakhale pa kachitunda kakang'ono. Loweruka lina inawazimira panjira, ndipo anaikankha dzuwa likuswa mtengo, keke ya chinkhoswe cha eni ake ikusungunuka. Ngongole n'kuti isanathe.

Iwo anati awagulitsa katundu wa feki, ine n'kuvomereza. Tinapita nayo kwa bambo wina wokonza njinga zotere, ndipo funso lawo loyamba linali lakuti, "Mayi, mumatchaja nthawi yanji?"

"Likatha, ngati foni basi," anayankha achemwali.

Bambo aja anangopukusa mutu. Apa ndi pamene ambirife timalakwitsa. Tinazolowera foni, imene timaiiwala mpaka ifike pa 3%, n'kumathamanga kukasaka tchaja. Foni ili ndi batire la lithium. Masikuta ambiri otsika mtengo ali ndi mabatire a mtovu ndi asidi, mtundu umodzi ndi a m'galimoto komanso ambiri a sola. Nzeru yake ndi yakale ndithu: anaitulukira Gaston Planté wa ku France mu 1859. Mukatsegula pansi pa mpando kapena popondera mupeza mabatire a 12V olumikizidwa mondondozana. Akakhala 4 ndiye kuti sikuta yanu ndi ya 48V, akakhala 5 ndi ya 60V, akakhala 6 ndi ya 72V.

M'kati mwa batire lililonse muli timapale ta mtovu tokhudzana ndi asidi. Mukamayenda, pa timapaleto pamayamba kumata zinthu zoyerera zotchedwa lead sulphate. Mukatchaja, zimasungunuka n'kubwerera m'malo mwake. Ganizirani mphika wa nsima. Mukauthira madzi usiku womwewo, m'mawa nkhoko zimachoka zokha. Mukausiya masiku atatu, ndiye konzekani kupala mpaka dzanja kuwawa. Batire nalo likagona lopanda moto kwa masiku, zomata zija zimauma, tchaja imalephera kuzisungunula, ndipo malo osungira moto amachepa. Zikafika poipa sizibwerera m'mbuyo.

Ndiye lamulo lalikulu ndi ili: tchajani tsiku lililonse limene mwayenda, ngakhale ulendo wake unali wa pamsika pokha. Musadikire kuti lithe. Batire la mtovu limakhalitsa ngati simulitsitsa kupitirira theka. Loligwiritsa ntchito mpaka sikuta kuzima limatha msanga kwambiri kuposa lotchajidwa likadali ndi theka. Mukafika pakhomo ipatseni sikuta mphindi 30 kuti mabatire azizire, kenako lumikizani tchaja ku sikuta kaye, ndiye kukhoma.

Ndikudziwa mukuti, "Nanga magetsi ake omazimazimawa?" Zoonadi, sikuta imafuna maola 6 mpaka 8 kuti idzaze, ndipo si tsiku lililonse timawapeza. Njira yake ndi kusadikira usiku. Magetsi akayaka sikuta ili pakhomo, ilumikizeni. Akazima isanadzaze, pitirizani akayakanso, ndipo onetsetsani kuti kangapo pa sabata ikufika podzaziratu, kagetsi ka pa tchaja kakusintha kuchoka pa kofiira kufika pa kobiriwira. Batire lomangolawa moto osadzaza limamatanso nkhoko zija pang'onopang'ono. Za mayuniti musade nazo nkhawa: kudzaza mabatire a 48V 20Ah kumadya yuniti imodzi ndi kachidutswa.

Kudya mopitirira muyeso nakonso kumadwalitsa. Kagetsi kakasanduka kobiriwira, mutha kusiya ola limodzi kapena awiri, kenako zulani. Matchaja ena otchipa sadula moto bwinobwino, ndipo mukawasiya usiku wonse ndi tsiku lotsatira mabatire amatentha, amauma m'kati, mpaka kufufuma ngati mandasi. Mukagwira n'kumva kutentha kwambiri, kapena ngati padutsa maola 10 kagetsi kakadali kofiira, zulani mukaonetse kwa okonza. Batire lofufuma musalitchajenso.

Za kubwerekana matchaja tisiye. Tchaja ya sikuta ya 60V ikalowa pa sikuta ya 48V imawotcha mabatire, ngakhale pulagi yake ikwane bwinobwino. Tchaja ya mabatire a lithium nayo ili ndi katchajidwe kake. Yanu ikawonongeka, werengani manambala olembedwa pamsana pake n'kugula yofanana nayo.

Mdani wina ndi dzuwa. Mabatirewa amakonda kutentha kwa madigiri 25 kapena kucheperako pang'ono, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 n'kukhalitsa choncho, moyo wawo umadulidwa pafupifupi ndi theka. Tsono talingalirani sikuta yoimikidwa pa simenti tsiku lonse mu Okutobala, makamaka kwa anzathu a ku Chikwawa, Nsanje ndi Salima. Pezani mthunzi. Potchaja sankhani malo odutsa mphepo monga pakhonde lotetezeka ku mvula, osati m'chipinda chogona, ndiponso kutali ndi mbaula, chifukwa batire likamatchajidwa litha kutulutsa mpweya wa hydrogen umene suchedwa kugwira moto.

Wina angakuuzeni kuti muzithira madzi a batire ngati momwe amachitira ndi galimoto zakale. Mabatire ambiri a sikuta ndi omata, sathiridwa kanthu. Chimene mungachite n'kuona mitu yake mwezi ndi mwezi. Mawaya akhale omangika, ndipo ufa woyera kapena wobiriwirira ukamera pamenepo, zimitsani sikuta n'kuupukuta ndi kansalu konyowetsa m'madzi a soda wophikira. Samalani kuti sipanala isakhudze mitu iwiri nthawi imodzi.

Mukamapita kumudzi pa Khirisimasi, siyani sikuta itadzaza, chifukwa batire limataya moto lokha ngakhale lisakugwira ntchito. Ngati mukakhalitsa, pemphani wina kuti aziitchaja kamodzi pamwezi. Matayala nawo azikhala opopa bwino, ndipo musakwezepo anthu atatu ndi thumba la makala. Zonsezo amalipira ndi mabatire.

Bambo okonza aja anatenga kamita kawo n'kuyeza batire lililonse palokha. Lodzaza bwino, likapuma maola angapo, limaonetsa pafupifupi 12.7V. Atatu a achemwali anali ofooka, koma lachinayi linali litatsikiratu. Achemwali anapempha kuti asinthe limodzi lokhalo. Bambo aja anakana. Paja nsomba ikawola imodzi, zonse zawola: mabatirewa amagwira ntchito pamzere umodzi, ndipo latsopano likalowa pakati pa okalamba, ena amadzaza msanga ena mochedwa, mapeto ake latsopanolo limafanso. Sinthani onse pamodzi, a mtundu umodzi ndi kukula kofanana.

Akalewo musawataye kudzala kapena kuwasiya kuseri kwa nyumba kumene ana amasewera. Mtovu ndi poizoni, umawononga ubongo wa mwana ndipo sizichira. Musawaswe pofuna kuchotsamo mtovu. Asiyeni kwa ogulitsa mabatire kapena ogula mabatire akale, ndipo mukawagwira sambani m'manja ndi sopo.

Achemwali anagula mabatire anayi atsopano, ndalama imene inayenera kuchepetsa ngongole ija. Zinawawa. Pano pakhomo pawo pali lamulo: akafika, asanavule n'komwe nsapato, amaimika sikuta pamthunzi n'kutchera alamu ya mphindi 30 pafoni. Ikalira amalumikiza tchaja, kenako n'kutereka madzi a nsima. Alamu anga, amuna awo, amadandaula kuti masiku ano sikuta ndiyo imayamba kudya iwo asanadye. Achemwali amangowayankha kuti, "Inu bambo, imeneyi ndi imene ikubweza ngongole."