Lekani Kumunena Wakuba Wageni

Mitengo ya zinthu ikakwera m'dziko muno, woyamba kutukwanidwa ndi mayi wa pa okala. M'minibasi, m'maofesi ngakhale pa wailesi timamva nyimbo imodzimodzi yoti ageni ndi adyera, akutibera masana dzuwa likuswa mtengo. Akuluakulu ena amafika poopseza kuti atseka masitolo a onse okweza mitengo. Ine ndikukana. Wageni sindiye wadwalitsa chuma chathu. Iye ndiye amayamba kugwa nacho, ndipo chimene chikufa mwa iye ndi mtima wofuna kuyesanso mawa.

Tiyeni tikumbutsane. M'mwezi wa May 2012 boma lidachepetsa mphamvu ya kwacha, dola imodzi ya ku America n'kuchoka pa K168 kufika pa K250. Mu May 2022 kwacha idagwanso ndi 25 peresenti. Mu November 2023 idagwa ndi 44 peresenti, dola n'kulumpha kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene waiwala ayang'ane m'thumba mwake: ndalama yapepala ya K1,000 idabwera mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Kodi pa misonkhano imene idagamula zonsezi, wogulitsa mandasi adaitanidwako? Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Onani mmene mpamba umathera. Tiyerekeze kuti mwini golosale wapikula sopo, mafuta ophikira ndi shuga za K100,000. Wagulitsa zonse n'kupeza K115,000. M'kabuku mwake mwalembedwa phindu la K15,000. Pobwerera kukaoda akupeza kuti katundu yemwe uja tsopano ndi K140,000. Agula wochepa. Ulendo wotsatira agula wochepa kuposa pamenepo. Ndalama zikuoneka zochuluka m'manja, koma mashelefu akunka nayera. Ndiye akakweza mtengo wa sopo amene adagula sabata yatha, ife timafuula kuti, "Uyu ndi katundu wakale!" Iye sakuwerengera mtengo wa dzulo. Akuwerengera mtengo umene akaupeze mawa kwa wogulitsa mopikulitsa. Akapanda kutero, pakutha pa miyezi itatu okala ija isanduka khola la nkhuku.

Mwina wina anena kuti akakongole ku banki. Ku banki iti? Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawa amaonjezera chawo pamwamba. Komanso mabankiwo amakonda kukongoza boma, popeza boma silithawa ndipo limakongola zambiri nthawi imodzi. Telala wa pakhonde la sitolo akapita amamufunsa chikole, pomwe chuma chake chonse ndi makina osokera amodzi. Chomwe chimamutsalira ndi banki mkhonde, kumene aliyense ali ndi vuto ngati lake, kapena katapila, kumene munthu amalowa ndi mavuto n'kutulukako wopanda ndi mbale zomwe.

Nanga ndalama zakunja? Mayi wokaoda nsalu ku Kariakoo mu Dar es Salaam, kapena mnyamata wokatenga zitsulo za galimoto ku Johannesburg, akasowa dola ku banki amakaigula kumsika wamseri pa mtengo woboola m'thumba. Mu February 2025 mavenda a kaunjika adachita zionetsero mumzinda wa Lilongwe chifukwa mtengo wa belo udakwera kufika poti sakadathanso kuoda. Anthu amene amadya zimene agulitsa tsiku lomwelo satseka benchi n'kupita kumsewu chifukwa cha masewera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kutayika kwa ndalama n'kowawa, koma choopsa koposa ndi kutaya mtima. Geni imayenda ndi chikhulupiriro choti kwacha imene ndaika lero ibwera ndi mnzake mawa. Chikhulupirirochi chikatha, zizindikiro zake siziphonyeka. Mwini chigayo amene amafuna kugula china asiya, n'kugula malata oti angosunga kuseri kwa nyumba, poti malata sagwa mphamvu. Kalipentala auza mnyamata womuthandiza kuti ayambe wakhala kunyumba. Mayi wa lesitilanti aleka kuphika nyama. Mnyamata amene adayamba kukonza mafoni agulitsa zipangizo zake kuti apeze thiransipoti ya ku Joni. Aliyense wa iwowa wachita zanzeru pa yekha, koma onse pamodzi atseka ntchito zimene zikadalemba ana athu omaliza sukulu. Kwacha ikhoza kukhazikika m'chaka chimodzi. Munthu amene adapsa kawiri satenganso mpamba wake n'kuuika pamoto msanga.

N'chifukwa chake zimandinyansa kumva akuluakulu ovala mataye akulalikira ageni za kusintha kaganizidwe. Mawuwa ali m'masomphenya a Malawi 2063 amene adakhazikitsidwa mu January 2021, ndipo paokha si oipa. Koma kodi mayi wodzuka 4 koloko m'mawa kukadikira tomato ku msika wa Lizulu ndiye wofunika kuphunzitsidwa khama? Thumba la ngongole za boma lidayamba ndi dzina la MARDEF mu 2005, kenako MEDF, kenako NEEF mu 2020. Maina akhala akusintha. Ngongole ya kwacha imene ikusungunuka ngati mchere m'madzi singadzutse geni ya munthu, ngakhale mutaipatsa dzina lokoma chotani.

Sindikunena kuti achinyengo kulibe. Alipo amene amabisa shuga kapena simenti podikira kuti mtengo ukwere, ndipo bungwe loona za mpikisano pa malonda liwalange ndithu. Koma kubisa katundu kumafuna nyumba yosungiramo ndi ndalama zodikirira. Wa okala alibe zonsezi. Tikamakalipira iyeyo timakhala tasankha munthu amene ali pafupi ndi pakamwa pathu, tasiya amene ali ndi mlandu.

Chimene wageni akufuna n'chomveka. Boma lichepetse kukongola m'mabanki a m'dziko muno kuti ena apezeko malo. Lilipire msanga ang'onoang'ono amene amaperekera katundu m'maofesi ndi m'masukulu ake, poti cheke chochedwa chaka chathunthu chimafika chitadyedwa ndi kukwera kwa mitengo. Ndalama zakunja zikapezeka, wamng'ono naye aonepo. Makhonsolo amene amadulitsa chiphaso tsiku ndi tsiku aonetse ntchito ya ndalamazo m'misika.

Ndipo ife ogwira ntchito m'boma tisamale pakamwa. Malipiro athu, ngakhale ndi ochepa, amabwera mwezi ndi mwezi. Akatha pa 10, amatinyamula kufika kumapeto a mwezi ndi kabuku ka ngongole ka pagolosale. Tsiku limene mwini golosaleyo adzataye mtima n'kukhoma loko pachitseko, tidzakalemba kuti ufa ndi sopo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.