Mwana Sadya Status

Pali bodza limene makolo achinyamatafe tikuuzana, ndipo ine landikwana. Akuti kugula zinthu za mwana pafoni n'kotchipa, akutinso kumapulumutsa nthawi. Mwina kwa munthu wa ku Area 10 amene galimoto ili pakhomo n'zoona. Koma kwa ife a ku Mitundu ndi ku Nathenje, amene tonse awiri timalawira ku ntchito n'kusiya khanda m'manja mwa mwana wa eni ake, malonda a pa status asanduka chiboo chimene malipiro akuthera. Ndipo wolipira chiboocho kawirikawiri ndi mtsikana wolera mwana uja, amene mwezi ukatha timamuuza kuti ayambe wadikira.

Ndinakulira ku Nathenje, pano ndikukhala ku Mitundu komwe ndimagwira ntchito. Bambo a mwana amakwera minibasi kupita ku tauni tsiku ndi tsiku. Mwana wathu sanakwanitse chaka. Anzanga ambiri amene tinali limodzi ku koleji ali pamsinkhu womwewu: ntchito yoyamba, lendi, khanda, ndi foni yodzadza ndi magulu a WhatsApp ogulitsa tizovala, timabotolo ndi tinsapato. Ndiye tiyeni tikambirane ngati anthu akuluakulu.

Tiyambe ndi mawu otchuka aja, "free delivery within Lilongwe". Mitundu ndi Lilongwe. Nathenje ndi Lilongwe. Pachiphaso chathu cha unzika boma lake ndi lomwelo. Koma tangoyeserani kutchula Mitundu, muona wogulitsa akusintha mawu pompo. Lilongwe wa pa status amathera pa Bunda Turnoff. Kupitirira pamenepo katundu amapatsidwa kondakitala, ndipo kondakitalayo mumulipira ndinu, mumuimbira ndi mayunitsi anu, mukamudikira pasiteji ndi nthawi yanu. Apo ayi mukwere nokha mukakumane ku depoti, kupita ndi kubwera. Onjezerani ndalama yotumizira pa Airtel Money kapena Mpamba, pajatu ogulitsa ambiri amanena kuti muikepo ndi yotapira. Onjezeraninso bandulo imene munathera poonera zithunzi usiku wonse. Chinthu chija munkati chatchipa chakwera kale chisanafike m'manja mwanu, koma chifukwa ndalamazo zatuluka pang'onopang'ono, m'makomo osiyanasiyana, palibe amene amaziphatikiza.

Chachiwiri ndi dola. Pafupifupi chilichonse chimene chikutsatsidwa pa status za ana n'chochokera kunja: China, South Africa, Tanzania, Dubai. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Wooda katundu kunja sapeza dola ku banki mosavuta, amakaigula kwa a pamsewu pamtengo wokwera kwambiri kuposa wa boma, ndipo mtengo umenewo ndi umene amauika pa kadiresi ka mwana wanu. Malipiro anu ali mu kwacha, zokhumba za pafoni zili mu dola. Mpikisano umenewo simungapambane, ngakhale mutakhala ndi digiri ya zachuma.

Ndiye pali nkhani ya oda. Lipirani theka lero, katundu afika pakatha masabata angapo. Ngati akubwera pa sitima yapamadzi, ndi miyezi. Amene analerapo khanda akudziwa kuti mwana wa miyezi iwiri ndi wa miyezi inayi ndi anthu awiri osiyana. Kasuti kamafika mwini wake atakula kale, mabatani osatsekeka, n'kukathera m'chikwama kudikira mng'ono wake amene sanaganiziridwe n'komwe. Nsalu imene pachithunzi inkaoneka ngati thonje lofewa imafika ili ngati pepala la shuga, mwana akavala thukuta ndi zilonda m'khosi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo iwowo anali asanaone fyuluta ya pa Instagram.

Pamsika wa Mitundu chovala umachigwira, umachitambasula, umayang'ana msoko, umanenerera. Ukachipeza ndi vuto, mayi wogulitsa uja umakamupeza pamalo pomwepo tsiku lina la msika, ndipo akudziwa kuti akakupusitsa uuza mudzi wonse. Ndalama ya pepala imawawa potuluka. Ukatulutsa ma K5,000 anayi m'kachikwama, dzanja limanjenjemera, mutu umawerengera ufa ndi makala. Ya pafoni siwawa. Manambala anayi a PIN, basi yapita, uli chigonere pabedi, mwana akuyamwa, maso ali ndi tulo. Ogulitsa akudziwa bwino nthawi imene mayi woyamwitsa amakhala maso ndi foni m'manja, n'chifukwa chake katundu watsopano amaikidwa usiku, ndi mawu oti zatsala ziwiri zokha.

Koma chimene chikugulitsidwa kwenikweni ndi manyazi. Manyazi oti ku sikelo mwana wa graduate asaoneke ngati wa wina aliyense. Manyazi oti anzathu a m'tauni aika zithunzi za baby shower, zovala zofanana banja lonse, keke ya mwezi uliwonse, ife tili duu. Keke ya munthu wopanda mano! Khanda la miyezi itatu silidziwa kuti lavala chochokera ku Guangzhou kapena cha pa kaunjika wa pa Nathenje. Limadziwa kuuma, kukhuta, kufunda ndi manja amene alinyamula. Zina zonsezo tikugulira maso a anthu amene mwana akatentha thupi pakati pa usiku sadzatitumizira ngakhale ya njinga yamoto yopitira ku chipatala.

Manyazi omwewa alowa mpaka m'mbale. Timakhala m'dera limene mtedza ndi soya zimatuluka ndi malole kupita ku tauni. Pafupi pomwepa pali Bunda, sukulu ya LUANAR yophunzitsa za ulimi ndi kadyedwe. Likuni Phala, ufa wa chimanga ndi soya umene walera ana ambirimbiri m'dziko muno, dzina lake n'la ku Likuni, mu Lilongwe momwemuno. Alangizi a zaumoyo ku sikelo amaimba tsiku ndi tsiku za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo onsewo akupezeka pamsika wathu: mgaiwa, nsinjiro, usipa wosinja, dzira, nkhwani, nthochi, mapeyala. Koma munthu wophunzira amadutsa zonsezi n'kukaoda phala la m'katoni kwa munthu amene sanamuonepo nkhope, chifukwa phala la mgaiwa silikongola pachithunzi. Sukulu imeneyo inatipindulira chiyani?

Pa nkhani ya mkaka wa m'chitini ndisamale, chifukwa apa pali vuto lenileni limene si la manyazi. Achipatala amati mwana ayamwe bere lokha miyezi 6. Lamulo la ntchito, Employment Act, limapatsa mayi tchuthi cha masabata 8, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Werengerani nokha kusiyana kwake. Mayi wa ku Nathenje amene amagwira ntchito m'tauni sangathamangire kunyumba masana kukayamwitsa. Ena amafinya mkaka n'kusiya, ena alibe pousunga chifukwa cha magetsi, ena mkakawo sutuluka wokwanira. Sindingaloze chala mayi aliyense wogula chitini. Chimene ndikukana n'kugula chitinicho pa status. Simunaone tsiku lothera ntchito, simukudziwa ngati chinasungidwa padzuwa kuseri kwa lole, simukudziwa ngati chizindikirocho n'chenicheni. Kuyambira 1981 bungwe la WHO lili ndi malamulo oletsa kutsatsa mkaka wa makanda kwa anthu wamba, chifukwa kutsatsako kunapha ana m'mayiko osauka. Lero wina akuutsatsa ndi timitima tofiira pakati pa zithunzi za mawigi, ife n'kumafunsa kuti zingati.

Tsopano tifike pamene pakundipweteka. M'nyumba zambiri za ife ogwira ntchito muli mtsikana wochokera kumudzi, nthawi zina wachibale, nthawi zina wopezeredwa ndi anthu a kutchalitchi. Amadzuka ife tisanadzuke, amachapa matewera, amabereka mwana tsiku lonse, amadziwa kulira kwa njala ndi kulira kwa m'mimba kuposa ife eni akefe. Popanda iye palibe amene angapite ku ntchito, ndiye kuti malipiro onse awiri a m'nyumbamo atsamira pamsana pake. Mu June 2025 boma linati wantchito wa pakhomo asalandire zochepera K72,800 pamwezi. Ndi angati mwa ife amene tikufika pamenepo? Ambiri timabisala kuseri kwa mawu oti amadya pompano, amagona pompano, ndi mwana wa m'nyumba. Chabwino. Koma munthu yemweyo amene akuti K72,800 sangakwanitse, dzulo watumiza dipoziti ya kanjinga koyendetsera mwana, koti pamsewu wafumbi wa kwathu kuno matayala ake satha mwezi. Mlendo wa pa status timamulipira katundu tisanamuone. Wolera mwana timamulipira atagwira kale ntchito masiku 30, ndiye mochedwa, ndiye moperewera, ndiye ndi nkhope yoti tikumuchitira chifundo. Tikamadzadandaula kuti atsikana a masiku ano sakhalitsa, tizikumbukira zimenezi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, paja timatero pa maukwati ndi pamaliro.

Abambo musaseke, nkhaniyi ndi yanunso. Kwafala kachitidwe koti bambo alipire lendi basi, za mwana zonse ndi za mayi, kenaka bamboyo n'kumanyoza kuti akazi amawononga ndalama pa intaneti. Inuyo foni yanu ili ndi chiboo chake. Kandege kaja kamauluka ndi ndalama ya matewera, mpira wa ku England umadya ndalama ya sopo Loweruka lililonse, ndipo pamwamba pake pali tingongole ta pafoni tobweza ndi chiwongoladzanja. Funsani abambo khumi kuti paketi ya matewera otaya ikugulidwa zingati, muone angati ayankhe. Khanda losintha kasanu ndi kamodzi patsiku limatha matewera 180 pamwezi. Bambo amene sakudziwa nambala imeneyi alibe mphamvu yoweruza bajeti ya m'nyumba. Mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa, abambo anapatsidwa tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa. Aphungu anavomereza kuti khanda ndi ntchito ya anthu awiri. Kwatsala kuti zimveke m'nyumba mwathu, kuyambira ndi kuika mapepala a malipiro onse awiri patebulo limodzi.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Ati ogulitsa pa intaneti ndi anzathu omwe, ma graduate osowa ntchito amene akuyesetsa. N'zoona, ndipo ambiri ndi okhulupirika. Koma kuthandiza mnzako sikufuna kuti ugule chinthu chimene sukuchifuna ndi ndalama imene uli nayo kale ngongole kwa wantchito wako. Ati pamsika paponso zinthu zakwera. N'zoonanso: mu February 2025 mavenda a kaunjika a mu Lilongwe anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo kudandaula mitengo ya mabelo. Ndiye ngati ngakhale kaunjika walumpha chonchi, ndi nthawi yoti tiziwerengera tambala iliyonse, osati kuwonjezera ya kondakitala ndi yotapira. Ati malamulo alipo otiteteza. Alipodi: Consumer Protection Act ya 2003, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndi bungwe la CFTC lolandira madandaulo a ogula. Koma mukakadandaula mukatchula ndani? Dzina la tsamba lokhala ndi timaluwa, nambala imene yazimitsidwa, ndi sikirinishoti. Mayi amene ali ndi khanda ndi ntchito sangajombe masiku awiri kulondola K40,000 m'maofesi a m'tauni, ndipo akuba a pafoni amadalira kutopa kwathu komweko.

Foni sindikuti tiitaye. Kwathu timaigwiritsa ntchito kufunsa mitengo tisanakwere minibasi, kugula magetsi, kutumiza ndalama kwa agogo a mwana ku Nathenje. Chimene tinakana n'choti foniyo izitiuza chimene mwana akusowa. Malipiro akalowa timakhala pansi awiri ndi kope la K500, ndipo ndondomeko yake sisintha. Woyamba kulipidwa ndi wolera mwana, ndalama yonse, tsiku lomwelo. Kenaka lendi ndi thiransipoti ya mwezi wonse. Kenaka chimanga, nyemba, mtedza ndi soya, zogula pamsika zambiri nthawi imodzi, makamaka nyengo yokolola mitengo ili pansi. Kenaka ndalama ya mwadzidzidzi, ya pepala, yosungidwa m'nyumba, chifukwa malungo safunsa ngati netiweki ilipo kapena ngati ejenti watsegula. Kenaka masheya a ku banki m'khonde. Masana mwana amavala matewera ansalu, otaya ndi a usiku ndi paulendo. Chotsala, ngati chilipo, ndicho chingapite pa status, ndipo lamulo lake n'loti chinthu chigone masiku atatu tisanatumize ndalama, tonse awiri titachiona, ndipo tilipire katundu ali m'manja. Wogulitsa wokana zimenezo watithandiza kusankha.

Mwezi uno ukatha, musanatsegule gulu lija la "new stock", itanani mtsikana amene wakuberekerani mwana mwezi wonse, mumuwerengere ndalama yake yonse m'manja. Kenaka muone ngati kasuti kaja mukukafunabe.